Mawu a Rahila ndi Kapampu Kabulauni

Ku Bua, kumene mtsinje umathira m'nyanja, ukafunsa za a Swaibu telala anthu amayamba akanda kumutu. Koma ukangoti, "Amuna awo a Rahila oyimba kaswida aja," ngakhale mwana wamamina akulozera khonde la golosale pamene pamakhala makina awo osokera. Zimenezi a Swaibu sizinkawawawa. Ankangoseka n'kunena kuti bola iwo akudziwika ndi mkazi, anzawo ena amadziwika ndi kuba nkhuku.

A Rahila anabadwira komweko, mwana wa msodzi wa mpasa, ndipo mphumu anachita kubadwa nayo. Mayi awo anayesa zonse zimene mayi angayese. Anawamwetsa uchi wothira mandimu, mizu yowawa ya kwa asing'anga, ngakhale madzi otsukira mbale imene shehe analembapo mawu opatulika. Mphumu inangoyang'ana zonsezo n'kukhala phee pamalo pake. Sukulu anailekera panjira chifukwa nyengo yozizira iliyonse ankaithera pamphasa. Kumadrasa kokha ndi kumene sankajomba, poti kunali pafupi, ndipo kumeneko ndi kumene akazi a shehe anatulukira kuti kamtsikana kobanikabanika kaja kali ndi chuma pakhosi.

Za Mulungu n'zovuta kuzimvetsa. Chifuwa chomwecho chimene chinkalira ngati mwana wa mphaka m'mwezi wa Juni, chikamasuka chinkatulutsa mawu oti azibambo ankaiwala kutafuna. Atakula, a Rahila ndiwo ankayambitsa kaswida, nyimbo zotamanda Mulungu ndi Mtumiki, amayi ena n'kumavomera. Ankaitanidwa pa ukwati, pa ziyala yokumbukira kubadwa kwa Mtumiki, koma makamaka pamaliro ndi pa sadaka ya arubaini, imene amachita pakatha masiku makumi anayi munthu atamwalira. Kuyambira ku Bua mpaka ku Nkhunga ndi ku Kanyenda, siwa imene munalibe a Rahila inkaoneka ngati anthu sanafike. Ntchitoyi inalibe malipiro, kupatula kanyama ndi mpunga zomangidwa pansalu, komanso ulemu.

A Swaibu anali a ku Nkhunga. Anabwera ku Bua ali mnyamata kudzasoka zovala za ukwati wa munthu wina, ndipo pa ukwati womwewo anamva mawu aja kuseri kwa mpanda asanaone mwini wake. Sanabwererenso kwawo. Iwowo kuyimba ayi ndithu, tisanamizane. Akati ayese, nkhuku zinkathawa pakhonde, moti a Rahila anawaletsa ngakhale kuimba mluzu. Mulungu anawapatsa ana atatu, n'kutenga awiri akadali kumsana. Anatsala ndi Fauzia yekha, amene atakula anakapeza ntchito m'sitolo ina ku Lilongwe.

Poyamba a Rahila ankawamba nsomba ngati amayi ena onse a kudooko. Utsi utayamba kuwagwetsa, amuna awo anagumula okha chiwambo chija, n'kuwayambitsa geni yogulitsa mpunga. Komabe mphepo ya mwera ikayamba kukuntha, banja lonse linkadziwa kuti nyengo yawo yafika. Panali kapampu kabuluu kopopera mkamwa, kamene kankamasula chifuwa pakanthawi. Kakalephera, a Swaibu ankawakweza akazi awo panjinga n'kupalasa kupita kuchipatala, uku akumvetsera kupuma kwa munthu kumbuyo kwawo. Mantha a paulendo umenewo sankawauza munthu. Tsitsi lawo linayera msanga, ndipo anthu ankati n'zakumtundu.

Chaka china mphumu inachita kunyanya. A Rahila atatsitsimuka, dokotala wachitsikana wa pachipatalapo, dzina lake Angella, anawaitanira m'kachipinda kake. A Swaibu anatsala panja pabenchi akulondera njinga, motero zonse anazimva kwa akazi awo pobwerera.

"Akuti kabuluu kaja kali ngati ndowa yothira nyumba ikayaka kale," anatero a Rahila, akuonetsa kapampu kena kabulauni. "Aka ndiye koletsa moto kuti usayambe. Muli mankhwala akuti siteroyidi. Ndizipopera m'mawa ndi madzulo, kaya ndikudwala kaya sindikudwala."

"Munthu osadwala n'kumamwa mankhwala?"

"Atero eni ake. Inu munaphunzira zosoka, bambo a Fauzia, zisiyeni izi."

A Rahila anali munthu wadongosolo pa zinthu za Mulungu, ndipo mankhwalawo anawalowetsa momwemo. Ankayamba atawaza monga achitira Msilamu aliyense asanaswali, kusamba m'manja, kuchukucha mkamwa, kumaso, mpaka kumapazi. Mkamwa mukayera choncho, ndi pamene ankatchula dzina la Mulungu n'kupopera. Akatero ankatseka pakamwa ndithu, osamwa madzi kapena tiyi mpaka dzuwa litakwera, kuti mankhwala akhazikike. A Swaibu ankaona zimenezi tsiku ndi tsiku n'kumanyadira kuti akazi awo sachita zinthu mwachibwana.

Ndipo kapampuko kanagwira ntchito, tisakanamizire. Mwera wa chaka chotsatira unabwera, unakuntha, unapita, njinga osatuluka ulendo wa kuchipatala. A Rahila ankapita kudambo kukagula mpunga n'kubwera atasenza okha. Ananenepako pang'ono. A Swaibu anayamba kugona tulo ngati anthu ena, ndipo anzawo apakhonde ankawaseka kuti ayamba kutuluka kamimba.

Koma mawu anayamba kusasa. Poyamba ankati n'chimfine, kenako n'kumati ndi fumbi la mpunga. Mkamwa munatuluka tizilonda toyera, timene a Rahila ankatibisa poopa malilime a anthu, pakuti kwathu kuno munthu akaoneka ndi zoyera mkamwa amamupezera matenda ake asanafike n'kuchipatala komwe. Tsiku lina pamaliro a mayi wina wa kudooko, amayi atadzaza m'siwa, onse anayang'ana kwa a Rahila monga mwa nthawi zonse. Iwo anakweza mutu, natsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka chinali kamphepo chabe. Anayesanso, mawu anathyokera pakati. Kenako mtsikana wina wa kumadrasa anayambitsa nyimboyo mwamanyazi, amayi n'kuvomera, mwambo n'kupitirira.

Madzulo ake a Swaibu anawapeza akazi awo atakhala kuseri kwa nyumba, lichero lili pamiyendo, osapeta. Pa zaka zonse za ukwati wawo anawaonapo akulira poika ana awo awiri aja basi. Tsiku limenelo anawaona akulira kachitatu, ndipo chinawapweteka kwambiri n'chakuti ngakhale kulirako kunalibe mawu.

Nkhani inafika ku Lilongwe pafoni. Fauzia, mwana wachikondi koma wopupuluma ngati agogo ake aamuna, anafufuza pafoni yake yomweyo n'kupeza zoopsa zokhazokha. Anawaimbira mayi ake kuti siteroyidi amatupitsa nkhope, amafewetsa mafupa, amapha mawu. Sanasiyanitse kamlingo kakang'ono kopopera ndi mapilitsi amphamvu amene ena amamwa kwa zaka. Anapita kusitolo ya mankhwala, ndipo kumeneko anamuuza kuti alipo mapilitsi oteteza mphumu opanda siteroyidi, akumwa kamodzi madzulo. Anamuuzanso kuti kwa munthu wa mphumu yaikulu mapilitsiwo paokha sakwanira, ndipo asasiye kopopera asanaonane ndi dokotala. Mawu oyambawo anakwera minibasi limodzi ndi mapilitsi mpaka ku Bua. Mawu achiwiriwo anafika atafooka kale, ngati moni wa munthu wongodutsa.

Ndiye mankhwala awiri aja anakhala pawindo, kapampu uku, mapilitsi uku, ndipo m'nyumba imene munalibe mkangano munalowa mkangano.

"Amake Fauzia, tiyeni tibwerere kwa adokotala tikafunse," anatero a Swaibu.

"Ndikafunse chiyani? Akandikalipira kuti ndikufuna kuphunzitsa anthu ophunzira. Iwo ntchito yawo ndi yoti ndizipuma. Za kuyimba akudziwapo chiyani?"

"Nanga kupumako n'kochepa? Inu simudziwa mmene njinga ija imalemerera."

"Ndikudziwa, bambo a Fauzia. Wallahi ndikudziwa. Koma taonani, ng'ombe nayonso imapuma. Ine sukulu ndilibe, ana anapita, chimene Mulungu anandipatsa n'chimodzi chokha. Pamaliro paja anthu ankandiyang'ana ngati wakufayo ndine."

Zinali zoona. A Swaibu anangoti, "Ine ndikufuna inu, ngakhale muzingondikodola ndi dzanja."

Anagwirizana pakatikati, monga amachitira anthu okondana akatopa. Ziyala inali pafupi, ndipo nyengo inali yotentha, imene mphumu imagonako. A Rahila asiye kapampu kabulauni, azimwa mapilitsi mpaka ziyala idutse, kenako abwerere.

Patapita masabata angapo, a Swaibu ali pamakina, amene masiku amenewo anabwera nawo kunyumba, akumalizitsa mkanjo wa munthu, anamva mawu kuseri. Anayamba pansipansi, ngati munthu woponda madzi kuti aone kuya kwake, kenako anakwera, nakwera, mpaka anafika paja ankafika kale. Phazi la a Swaibu linaima pachopondera. Anakhala choncho, nsalu ili m'manja, misozi ikutsikira m'ndevu. Anakondwa kuposa tsiku la ukwati wawo, ndipo chimwemwe chimenecho ndi chimene chinawatseka pakamwa pambuyo pake.

Pakuti ziyala inabwera, a Rahila anayimba mpaka amayi a kuboma anafunsa kuti mayi ameneyu ngwakuti. Ziyala inadutsa. Tsiku lobwerera ku kapampu linafika, a Rahila sanatchule kanthu, a Swaibu nawonso sanatchule. Ankati ndinena mawa, mawa lake akamva nyimbo kuseri n'kuti ndinena mkuja. Mvula inagwa, mpunga unacha. Mapilitsi aja sanali achabe, ankathandiza ndithu, koma a Swaibu ankaona kuti kapampu kabuluu kakutha msanga kuposa kale, ndipo akazi awo akasenza thumba ankapumira panjira. Ankaona zonsezo ndi maso awo awiri, koma makutu ndiwo ankalamula.

Mwera utayamba, kunabwera uthenga wochokera ku Kanyenda. Zainab, mng'ono wake wa a Rahila amene anakwatiwa kumeneko, anali ndi sadaka ya arubaini ya mwamuna wake. Pamenepo panalibe zokambirana, mkulu wake sakanalephera. M'mawa wonyamuka, a Swaibu atawaperekeza kumsewu, anamva kamluzu ka mphumu m'chifuwa mwa akazi awo pamene ankakwera minibasi.

"Mwatenga kabulauni?" anafunsa.

"Ndatenga kabuluu ndi mapilitsi. Ndikabwera tidzakambirana, musadandaule. Nkhuku zija muzizitsekera."

Kamluzu kaja kanawatsatira a Swaibu mpaka pakhonde la golosale. Anasoka mzere umodzi n'kuusula, kusokanso n'kusulanso. Mawa lake anatseka makina, natenga kapampu kabulauni pawindo, n'kupalasa kupita kuchipatala. Akazi awo akanakhalapo sakanalola, n'chifukwa chake anapezerapo mwayi. Anakhala pamzere wa odwala ali bwinobwino mpaka analowa kwa Angella, ndipo anafotokoza zonse, za mawu, za tizilonda, za mapilitsi a ku Lilongwe.

Angella sanakalipe. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anafunsa, "Bambo, kodi amayi akapopera ankachukucha mkamwa?"

"Eee, kuchukucha ndiye musanene. Ife timachukucha kasanu patsiku. Ankayamba atawaza bwinobwino, kenako n'kupopera."

"Ndikunena akatha kupopera."

"Akatha? Ayi. Ankatseka pakamwa kuti mankhwala asatayike. Ngakhale tiyi sankamwa."

Angella anagwira pachipumi. "Ndinawauza, bambo. Mwina sindinafotokoze chifukwa chake, poti tsiku lija mzere unali wautali. Mankhwala ofunika ndi amene alowa m'mapapo. Otsalira mkamwa ndi pakhosi alibe ntchito, ndi amene amabweretsa tizilonda, ndipo amathandizira kusasitsa mawu. Amafunika kuwachukucha n'kulavula."

A Swaibu ankawadziwa akazi awo. Anadziwa kuti a Rahila anamva ndithu, koma anaona ngati dokotala wachitsikanayu walakwitsa polankhula. Munthu wokulira m'nyumba imene mankhwala ankasowa angalavule bwanji mankhwala? Ndipo kutawaza kumayamba, zinthu zabwino zimabwera pambuyo, ndi mmene anaphunzirira kuyambira ali mwana.

Angella anatenga botolo lapulasitiki lopanda kanthu n'kuwaonetsa mmene angaboolere kunsi kwake, kulowetsapo kapampu, munthu n'kumakoka mpweya kukamwa kwa botolo. Anati akatero mankhwala ambiri amapita m'mapapo m'malo momatirira pakhosi. Anati mlingo ukhozanso kuchepetsedwa chifuwa chikakhazikika, ndipo mapilitsi aja akhoza kuyendera limodzi ndi kapampu, sizolimbana ayi.

"Sindingalonjeze, koma anthu ambiri mawu awo amakhala bwino," anatero. "Chachikulu, ayambirenso msanga. Nyengo ino si yocheza nayo. Akangofika mubwere nawo."

A Swaibu anapalasa kubwerera ngati mnyamata. Panjira anagula botolo la madzi, namwa onse ngakhale analibe ludzu, kuti apeze botolo latsopano. Atafika kunyumba analiboola ndi nsonga ya sizasi yotenthetsa, mosamala ngati akudula nsalu ya mkwatibwi, mpaka kapampu kanalowa thi. Ankaseka yekha poganiza mmene adzawanenere akazi awo, kuti mwaona, safunsa anadya phula, chaka chonse takangana chifukwa cha madzi a mkamwa. Anayesa kuwaimbira foni akazi awo, sinayankhidwe, ndipo anadziwa kuti ili m'chikwama poti mwambo unali mkati. Anaganiza zokwera minibasi, koma anati n'kuchititsa manyazi, mwamuna kulondola mkazi kusadaka atanyamula botolo. Mawa a Rahila abwera.

Foni inalira dzuwa litapendeka, iwo akutsekera nkhuku. Anali Zainab.

"Alamu," anatero, kenako kulira.

Nkhani yake inatuluka zidutswazidutswa. Amayi anaphikira pafupi ndi khonde chifukwa cha mphepo, nkhuni zinali zaziwisi, utsi wonse unkalowa m'nyumba mmene ankayimbira. A Rahila anayimba bwino, anthu analira. Zainab anawaona akupopera kabuluu pakati pa nyimbo, kenako kupoperanso, koma anakana kutuluka mwambo usanathe. Atamaliza anakhala pansi n'kulephera kudzuka. Anawakweza panjinga yamoto, wina atawagwira kumbuyo. Kuchipatala anafika, koma anafika ndi thupi lokha.

A Swaibu anati, "Inna lillahi," monga anenera Msilamu akamva za imfa, koma mawu otsalawo anakanika. Nkhuku imodzi inali idakali panja, ndipo anaithamangitsa mpaka inalowa, chifukwa sanadziwe china choti achite.

Maliro anafika nawo ku Bua, ndipo mawa lake anthu anadzaza mpaka kumsewu. M'siwa mtsikana wa kumadrasa uja ndiye ankayambitsa nyimbo. Ankayesetsa, mwana wa eni, palibe angamunene. Fauzia anafika kuchokera ku Lilongwe maso atatupa, ndipo anawakokera bambo ake kuseri kwa nyumba, kumene kunalibe anthu.

"Ababa, ndiuzeni zoona. Kodi ndi mapilitsi anga aja? Ndine ndawapha amayi?"

A Swaibu anamuyang'ana mwana wawo mmodzi yekhayo. Zonse zinali pakamwa, za Angella, za botolo limene linali pawindo, za miyezi yonse imene iwo anakhala chete chifukwa nyimbo inkawakomera. Akanena chimodzi, zonse zikanatuluka, ndipo mwanayu akanazisenza mpaka ukalamba wake.

"Ayi, mwanangu," anatero. "Mapilitsi ako anawathandiza. Anayimba mpaka tsiku lomaliza. Nthawi yawo inangokwana."

Fauzia anabwerera m'nyumba akulira, koma kulira kopepukako. Nthawi yomweyo shehe anatuma munthu kudzanena kuti azibambo atawaze, jeneza yonyamulira mtembo yatsala pang'ono kutuluka kuti aswalire maliro. Wina anawabweretsera a Swaibu ketulo ya madzi. Ananjuta pansi, nasamba m'manja, natunga madzi pachikhatho kupititsa kukamwa monga achitira kuyambira ali mwana. Anachukucha. Madziwo anali wamba, a pachitsime cha kuseri kwa nyumba yawo yomweyo, ozizira pang'ono chifukwa cha mwera.

Anzawo anamaliza kutawaza, naima pamzere, n'kumadikira. Shehe anasuzumira kuseri, napeza a Swaibu akadali chinjutire, ketulo itagwa pambali, masaya atatupa ndi madzi, mapewa akugwedezeka.

"A Swaibu, lavulani, anthu akudikira," anatero shehe mofatsa.

Analavula, napukuta ndevu, n'kuyang'ana kadothi konyowako.

"Basi, shehe," anatero. "Zinkangofunika zomwezi basi."

Shehe sanamve chimene ankatanthauza. Anangowagwira mkono n'kuwadzutsa, ndipo anapita nawo kutsogolo kwa mzere.